Pamene Manja Anga Amalekezera

Lole yafika mbandakucha kuchokera ku Kapa,
matayala akadali otentha.
Mphesa zakuda bii, zina zaphulikira m'njira,
njuchi za ku Glenhazel zamva kale mbiri.
Mabokosi makumi anayi ndi awiri,
onsewo paphewa langa, ine Yotamu wa ku Linthipe,
kuchoka pageti mpaka pakhomo la galaja.

Kufika apa manja anga ndi manja.
Ndichotse masamba, nditaye zoola,
ndipirikitse mavu ndi chipewa.
Koma mphesa ikangosweka, madzi n'kuchucha,
a Zalman amakweza chala, mopanda ukali:
"Basi, Yotamu. Kuyambira pano ndi ife."
Ife, ndiye kuti osunga Sabata.
Pasimenti adalemba mzere wa choko.

Chaka choyamba zidandiwawa.
Ndinkatembenuza zikhato zanga pampopi
kufunafuna litsiro lomwe sopo adaphonya.
Kenaka ndidakumbuka azakhali anga a Nachisale
tsiku lofulula masese:
wotentha asayandikire mbiya,
mchere athire mwana.
Sadali kudana ndi munthu.
Ankangoopa kuti mowa ungasase.

Tsono ndimaonera patali ngati mlendo pa zoma.
Makoko amayandama pamwamba pa mgolo,
Dovid, mwana wawo, amawamiza katatu patsiku,
mikono yake yofiira mpaka m'zigongono.
Yisiti ali ndi kalata yake.
Choyeretsera cha mafupa, cha nsomba, cha mkaka
sichiponda muno.
Nsenga zimakhala pansi zokha, mosafulumira.

Lachisanu dzuwa likapendeka amatseka galaja,
makandulo awiri pawindo, msewu uli zii.
Ine ndimamva kuseri kwa chitseko:
fwu, fwu, thovu likupuma.
M'nyumba monsemo vinyo yekha ndiye sadziwa Sabata.

Tsiku lina, Lachiwiri, mpopi wa mgolo udamasuka.
A Zalman ali ku banki, Dovid ali kopemphera.
Kamtsinje kofiira kadadutsa mzere wa choko
kubwera kudzanyambita nsapato zanga.
Masitepe atatu, chala chimodzi, n'kadatseka.
Ndikagwira, mgolo wonse wapita.
Ndikapanda kugwira, ukupitabe.
Palibe adakandiona, ngakhale galu adali m'tulo.
Ndidapisa manja m'thumba, kuwamanga ngati mbuzi,
n'kuliyatsa liwiro, misewu inayi,
kukagogoda pakhomo la sunagoge, wefuwefu.

Malita makumi atatu adamwa ndi ngalande.
A Zalman adayang'ana simenti yonyowa,
adayang'ana nsapato zanga, mbali ino ya choko,
ndipo sadanene kanthu.
Adangovula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Miyezi khumi ndi inayi, botolo, chitsekero,
chidindo pamwamba pa chidindo.
Likamatidwa, limabwerera kwa ine:
ndinyamule, ndilonge, ndikweze m'galimoto.
Limodzi adandipatsa, lokulunga m'nyuzipepala.

Ndidalifungata m'minibasi mpaka ku Rosettenville,
kuchipinda komwe timagona asanu.
Ndidathyola zidindo zonse ziwiri ndi chikhadabo changa,
kuthira m'makapu a tiyi.
Fulatiya adalawa n'kukwinya nkhope: "Akuwawa ngati kulipira lendi."
Ine ndidamva fumbi la ku Kapa, khungwa la mtengo,
ndi kamchere pang'ono kumapeto,
komwe sindikudziwa adathira ndani.