Loweruka la Epulo ku Kajaani

Chakudza sichiyimba ng'oma.
Dzulo tidagona pabwalo pali matope okhaokha,
lero ndakoka katani, dziko lonse mbee!
Chipale chofewa chabwerera usiku
ngati mlendo amene adatsazika kale
n'kukumbukira ali pachipata kuti waiwala chipewa.

"Veikko, tadzuka udzaone."
"Ndaona kale," akutero ali m'bulangete,
maso ali chitsinzire.
Akunama. Mtima uli pa matayala.
Lachinayi adaswera chogwada m'garaja
kuchotsa a misomali aja, kuika a nyengo yotentha,
akuimba mluzu ngati munthu wowina mlandu.
Ndidamuuza kuti kuthamanga sikufika.
Lero sindibwereza.
Ndangotereka ketulo.

Phala la otsi likubwata mwaulesi.
Buledi wakuda, tchizi, mazira awiri,
ndi jamu wa zipatso za m'nkhalango
zimene tidathyola mu Ogasiti, udzudzu ukutidya.
Botolo lake ndi lomaliza,
supuni yayamba kale kulira pansi.

"Mchere wathiramo m'phalamu?"
"Monga mwa masiku onse."
"Sukumveka."
"Adachepetsa ndi adokotala ako, osati ine."

Pawindo mbande za tomato
m'timakapu ta yogati khumi ndi tiwiri
zasolola makosi kusuzumira panja.
Sindikudziwa kuti ndiziuza chiyani.

Gogogo pachitseko.
Ndi Aune wa m'nyumba yachikasu ija,
jekete pamwamba pa zovala zogonera,
kumapazi jombo za malemu mwamuna wake.
"Fosholo yanu ili pafupi?
Yanga ndidaikweza kudenga Lamulungu,
makwerero n'kubweza kwa eni ake."
"Lowani kaye, khofi alipo."
"Ayi, sindikhalitsa."
Wakhala. Wavula ndi jekete yomwe.

Akuti a pawailesi anena
kuti pofika Lolemba chikhala chitasungunuka.
Veikko akuti adanenanso zomwezo
chaka chija chidakhala mpaka pakati pa Meyi.
"Chaka chiti?"
"Chimene adabadwa Tuuli."
"Iyayi, ndi chija lidagwa denga la sauna."
"Si chimodzimodzi?"
Si chimodzimodzi, pali zaka zitatu pakati,
koma ndili ndi buledi m'kamwa
ndipo mlanduwo wafera pomwepo.

"Atsekwe afikatu," akutero Aune,
"ndawaona kumtsinje, aima pa ayezi
ngati anthu otsika basi pamalo polakwika."

Tidapangana zambiri za lero.
Kupita kukanyumba kathu ka kunkhalango
kukaona ngati mbewa zatisiyirako matiresi,
kugula dothi la maluwa matumba anayi,
kutsuka mawindo,
kutulutsa njinga.
Kapepala kake kali pafiriji, kalembedwe kanga,
ndi mzere pansi pa njingapo.

Foni yanjenjemera patebulo.
Tuuli watumiza chithunzi ali ku Turku:
dzuwa phwee, timaluwa tofiirira m'mbali mwa msewu,
iye alibe ndi chipewa chomwe.
"Muuze abwere adzatithandize kukokolola."
Ndalemba kuti bambo ako akupereka moni.

Kapu yachiwiri.
Aune akufotokoza za bondo lake,
za mphaka amene wanunkhiza pakhomo
n'kubwerera, ulemu wake wonse uli nawo.
Kenaka tonse zii,
kuonerera timadontho toyera tikutsika
mosathamanga, ngati tili ndi tsiku lonse.
Nafenso tili nalo.

Veikko wakankha mpando, wapukuta ndevu.
Fosholo ili kuseri kwa chitseko cha garaja,
sadaibise patali. Nayenso ankakayika.
Wayambira panjira ya kwa Aune,
wasiya galimoto ili chifundire mpaka m'magalasi,
sadaiyang'ane n'komwe.

Aune wathira kapu yachitatu yekha.
Ine ndikupala jamu wotsala ndi chala.
Kwinakwake kudenga lakummwera
madzi ayamba:
tho,
tho.
"Mwamva?" akufunsa Aune.
Ndamva. Koma njinga ikhale kaye.