Kope la Madzi

Anandisankha chifukwa ndinafika giredi naini
ndipo sindimwa mowa.
Anandipatsa kope la ana asukulu,
bolopeni yomangirira ku ulusi,
ndi kiyi wa geti la damu.
Kuyambira Ogasiti ndine mlembi wa madzi
kuno kuseri kwa Katete,
kumene phiri la Mphangwe limatiyang'ana osanena kanthu.

Madzi salembeka.
Ndimalemba anthu.
Lolemba, a Fakisoni Daka, maola awiri, anyezi.
Lachiwiri, Dailesi, ola limodzi, repu ndi tomato.
Lachitatu, amayi a kumpingo, kabichi wa pa Khirisimasi.
Pakati pa damu tinazika mtengo wopaka penti;
mwezi watha madzi anali m'chiuno mwake,
lero wavula mpaka m'mawondo.

Mlangizi anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze.
Anati amene akolole ndi maola ochepa
kopaletivu imupatsa mbewu
ndi mapaipi pa theka la mtengo.
A Fakisoni anaseka mpaka kutsokomola:
Kutilipira chifukwa chosathirira?
Mawa atilipira chifukwa chosadya!

Dailesi sanaseke.
Anapachika ndowa pa mphanda,
nayala timapaipi toboola m'mizere,
nafunditsa nthaka makoko a nsawa ndi mapesi.
Madzi ake sathamanga, amachita kunong'ona,
dontho,
kenaka kudikira,
dontho lina, pa tsinde penipeni.
Dzuwa lili paliwombo ndinapisa chala pansi pa mapesi,
chinatuluka chozizira.

A Fakisoni akatsegula ngalande amaima m'madzi mpaka m'akakolo,
nkhope ili ngwee ngati ndi Januwale.
Sawerenga amene mchenga wamwa m'njira,
amene alowa ku una wa nkhanu,
amene dzuwa lanyambita asanafike pa anyezi.
Amati mbewu imafuna kuona madzi ndi maso.
Ine ndimangolemba: maola awiri.

Ndiye Lachisanu lija.
Ndinadzuka nkhuku zisanatsike,
ndinapeza loko ali bwinobwino
koma ngalande ili chinyezi,
matope akulondola njira yawo
kudutsa dimba la Dailesi, kudutsa la amayi a kumpingo,
mpaka pa tomato wa Yotamu,
mlamu wanga,
amene anandikongoza malata asanu ndi atatu denga litasasuka,
amene amanyamula mwana wanga pa njinga kupita ku Saint Francis
mphumu ikamugwira usiku.
Wina anakumba pansi pa geti ndi khasu.
Khasulo ndimalidziwa, mpini wake ndinasema ndine.

Ndinakhala pa khoma la damu,
bolopeni ikulendewera pa ulusi wake.
Abakha awiri ankafufuza m'matope
pamene chaka chatha ana ankasambira.
Tomato wa Yotamu ndiye fizi ya mwana wake wa ku Chizongwe.
Madzi amene anatenga ndiwo Lachiwiri la Dailesi.
Zonsezi sizikwana pa mzere umodzi.

Ndinalemba:
Lachisanu usiku, maola ngati atatu.
Pa dzina ndinasiya mpata.

Pa msonkhano ndinawerenga tsamba lonse,
nditafika pa mpatapo ndinapuma
monga apumira munthu pokwera chitunda.
Palibe anafunsa.
Yotamu ankakanda matope ouma ku nsapato yake ndi kamtengo.
A Fakisoni, amene sasowa mawu, anayang'ana kumwamba
ngati akufuna mtambo.

Tsopano ndi Okutobala.
Nyenje zikulira mpaka mutu kuwawa.
Mtengo wa penti waonetsa akakolo.
Dailesi wakwezetsa mabokosi anayi pa galimoto ya ku Chipata,
ndowa yake ikudonthabe.
Dzulo ndinaona mlamu wanga ataima kumpanda kwake,
manja kumbuyo,
akuwerenga mabowo a paipi.
Sitinapatsane moni wautali.

Kope ndimagona nalo kumutu.
Mpata uja ukadalipo,
wongokwana zilembo zisanu ndi chimodzi,
ndipo inki yanga ikutha.