Dzanja la a Prosser

Lachitatu madzulo, mvula ya kuno yopanda mabingu,
ndakankha chikuku cha a Prosser kukwera kamtunda
mpaka ku holo ya mudzi, kufupi ndi Ledbury.
Ntchito yanga ndi mapilitsi, bulangeti, kuwapukuta pakamwa.
Za misonkhano sizili pa kontirakiti.

M'katimo alimi khumi ndi asanu ndi atatu,
majombo amatope, tiyi wa m'makapu apepala,
aliyense wakhala patali ndi mnzake
ngati pabenchi ya kuchipatala.
Nkhani ndi mapeyala.
Osati athu aja amafuta, opaka pa buledi.
Awa ndi ting'onoting'ono, tolimba, tomanga lilime,
nkhumba imayamba yaganiza isanalume,
koma ukatifinya n'kudikira chisanu chidutse
timatulutsa chakumwa chomwe makolo awo
ankalipira nacho aganyu.

Fakitale yalemba kalata: chaka chino sitigula.
Wina wazula kale mitengo makumi anayi ndi thirakitala,
mitengo yomwe inamuona atate ake akukwawa.

Carys Beavan, mtsikana wa ndolo pamphuno, waimirira.
Tigule chofinyira chimodzi, akutero,
botolo limodzi, dzina la chigwa chino pa lebulo,
mtengo tizitchula ndife.
Zii.
Wina akuwerenga matabwa akudenga.
Wina akuti kwawo sanabwerekepo ngakhale fosholo.

Ine ndili kumbuyo, manja pa chikuku,
ndipo fungo la manachesi landipeza.
Ku Mwanza ndinali mlembi wa kalabu:
anthu makumi awiri ndi atatu, sikelo imodzi,
kope lamizere lomwe ndinkalikulunga m'jumbo.
Tinapangana kuti venda akabwera
dengu lililonse mtengo ndi umodzi.
Tinalimba masabata atatu.
Yachinayi, a Gomiwa anagulitsa usiku,
lole itazimitsa nyali kuseri kwa tchalitchi,
mwana wawo ali pa diripi kuchipatala cha mishoni.
Kutacha, mtengo unali wa venda.
Sindinawasungire kukhosi nthawi yaitali.
Sikelo tinali nayo,
thumba la tsiku la malungo tinalibe.

A Prosser, omwe sitiroko inawalanda theka la mawu,
akundikoka malaya.
Ndinawakambirapo zimenezi usiku wina tulo titawathawa.
Nena, likutero diso lawo.

Ndanena, m'Chingerezi changa cha pa shifiti:
chofinyira n'chabwino, koma chitsulo sichimanga gulu.
Yambani ndi kandalama ka yemwe ngongole yamugwira pakhosi,
kuti lole yausiku ikamuimbira foni
akhale ndi mphamvu yoyankha kuti ndagona.
Wina wakhosomola.
Carys walemba pachikhatho, pepala lamuthera.

Kuvota.
Manja asanu ndi anayi m'mwamba,
asanu ndi anayi m'matumba a majekete.
A Prosser akulimbana ndi mkono wawo,
ukunyamuka pang'ono, n'kugweranso pa bulangeti,
kachiwiri, kachitatu.
Ndaika chikhatho changa pansi pa chigongono chawo
monga ndimachitira powaveka juzi m'mawa,
ndipo dzanja lakwera, likunjenjemera,
zala zopindika ndi zaka za kudulira nthambi.
Khumi, watero wowerenga,
osafunsa kuti mwa awirife wanyamula mnzake ndani.

Pobwerera kwada, tochi ndailuma ndi mano.
Tadutsa pansi pa mtengo wawo waukulu,
mapeyala ali mbwee mu msewu,
matayala a chikuku akuwaphwanya, fungo lowawasa likutitsata.
Akuyesa kunena kanthu. Ndawerama.
Loweruka, akutero. Masaka.

Loweruka ndi ofu yanga.
Sindinawayankhe.
Ndikuganiza za kope lija, ngati chiswe chinalisiya,
ndi nambala ya a Gomiwa,
kaya ikadali yomwe ija.