Mboni za M'botolo

Chaka chachiwiri tsopano
ndikuweta ntchentche ku Mount Pleasant.
Amayi ku Mufakose amauza anzawo a kumpingo
kuti mwana wawo akuphunzira udokotala.
Za nkhumba satchula.

Nkhumbayo ndinagula ndekha,
ndinaigoneka m'khola la waya kuseri kwa labotale
kuti agalu asandidyere maphunziro.
Mphindi khumi zisanathe
yobiriwira ija inafika, inatera pa diso,
n'kumasisita manja ngati mlendo woitanidwa.
Ndinalemba nthawi: 9:14.

Kuchokera apo n'kuwerenga basi.
Mazira m'mphuno. Mphutsi pa lula:
mamilimita atatu, asanu ndi awiri, khumi ndi awiri.
Kutentha kwa dothi m'mawa, masana, usiku.
Mabuku athu analembedwa kumaiko ozizira
kumene ntchentche zimachita ulesi;
za kuno mu Okutobala sizidikira munthu.
Dokotala Gwatidzo amati,
"Kalendala ya eni siwerengera maliro ako. Panga yako."
Magetsi akazima firiji imatuluka thukuta,
ntchito ya masabata atatu n'kusanduka fungo.
Mu kombi anthu amandisiyira malo ambiri.

Lachinayi apolisi anaimba foni.
Bambo wina m'bango la Mukuvisi,
wopanda chitupa, nsapato imodzi,
m'thumba muli kiyi ndi kachidutswa ka sopo.
Anthu anaima patali atagwira mphuno.
Palibe anaona kanthu. Palibe anamva.

Ndinagwada, ndinatola mboni zanga ndi kopanira,
zina m'sipiliti,
zina zamoyo m'botolo, pa kachiwindi ka ng'ombe,
kuti zikule zindiuze mtundu wawo.
Masiku asanu ndi limodzi, mwina asanu ndi awiri.
"Mwina?" anatero wapolisi, cholembera chili m'malere.
Inde, mwina.
Mphutsi sizinama, koma sizilumbira m'khoti.

Pa mwendo, pamene khungu linatsalako,
panali mphini zitatu,
zonga za amalume Yotamu
amene anapita kukafuna ganyu ku Msasa
ine ndili giredi folo,
n'kusiya tiyi akufuka pa tebulo.
Si iwo ayi.
Amalume bwenzi pano ali ndi imvi.
Komabe ndinayeza mwendowo kawiri.

Pa fomu malo a dzina ndinasiya poyera.
Ntchito yanga ndi masiku.
Kwinakwake mumzinda muno
kuli loko woyembekeza kiyi uja,
kuli wina wodzidzimuka galu akauwa
usiku wachisanu ndi chimodzi,
mwina wachisanu ndi chiwiri.

Patapita sabata ndi theka zinaboola zikwa,
mapiko onyowa, maso ofiira.
Khumi ndinazibaya pa singano,
iliyonse ndi kapepala kake, tsiku ndi malo.
Imodzi inandipulumuka.
Inazungulira nyali kawiri,
n'kutulukira pa zenera losweka lija,
ulendo wa kumwera, kumtsinje,
ikudziwa zonse zimene sindinalembe.