Chitseko cha Kumbuyo

Magetsi abwera folo koloko m'bandakucha,
ndiye ndadzuka ngati mbala m'nyumba mwathu momwe,
laputopu ya pa kaunjika ndaiika pa thebulo la mayi.
Fani yake ikubuula ngati minibasi yodzaza
yokwera chitunda cha kuno ku Ndirande.
Usiku wachisanu ndi chitatu uno ndikuwumba chilombochi.

Eni ake ku Russia amachitcha T-15.
Si kasinja ayi, ngakhale chabwereka jekete ya kasinja.
Ndi basi ya asilikali yovala chitsulo,
injini kutsogolo, kuti chipolopolo chiyambe chakangana ndi makina
chisanafunse za munthu.
Magudumu asanu ndi awiri mbali ino,
asanu ndi awiri mbali inayo.
Ndinawawerenga pa zithunzi
zomwe zinandidyera bandulo ya sabata yonse.

Twaibu wa ku Chilomoni ndiye anayambitsa.
Akuti mu gemu yathu oyenda pansi akungofa ngati ngumbi,
tipangire cholemera, aise, choti chitifikitse.
Ndiye ndikulemba manambala:
kukhuthala kwa chitsulo, liwiro pa matope,
masekondi oti mfuti ya pamwamba itembenuke.
Ndikaonjeza, anyamata adzati ndabera.
Ndikachepetsa, adzati ndapanga ngolo ya makala.

Dzulo chinamira m'nthaka mpaka m'khosi.
Dzana chinauluka, magudumu ali pyee m'mwamba,
ndinaseka mpaka a neba anagogoda khoma.

Lero chayenda.
Chakwawa, chaima, chatsegula chitseko cha kumbuyo,
tiasilikali tisanu ndi tinayi tatuluka ndondondo,
tonse nkhope imodzi.

Ndi pomwe amalume a Malizani alowa, chiperoni chili m'mapewa,
achokera kolondera sitolo ya mmwenye ku Limbe.
Anakhalapo ku Congo zaka zija, atavala chisoti chobiriwira.
Za kumeneko sayankhula.
Aika tochi pansi, aweramira pa sikirini.
Bwezanso, atero. Ndabweza.
Chitseko chatsika, tianthu tatuluka.
Bwezanso.

Kenako afunsa: mawondo amawaika pati?

Ndati, malume, m'katimo sindinapangemo,
osewera saonamo.
Iwo ati eya.
Ati m'zoterezi mumatentha ngati uvuni wa masikono.
Bondo lako limagona pa bondo la mnzako maola asanu,
umadziwa amene wadya anyezi,
umadziwa amene akupemphera ngakhale milomo ili duu.
Mwala ukamenya chitsulo, ngwee,
aliyense amayang'ana nsapato zake.
Ndipo chitsekocho, mwana wa mlongo wanga,
sichitseguka msanga chonchi.
Kapena chimatseguka msanga, kaya.
Ife timafuna chichedwe.

Apita kukagona ndi masokosi omwe.

Ndatsala ndi kabokosi ka manambala.
Muli malo a kulemera, malo a mafuta, malo a utsi.
Ndafufuza ponseponse,
mulibe polemba fungo la anyezi.

Kunja kwayera. Akabaza ayamba kuimba mabelu,
mayi akufuna thebulo lawo.
Ndapempha mphindi khumi.
Ndaboola chilombo changa, ndalowa m'mimba mwake mopanda kanthu,
ndaikamo mabenchi awiri oyang'anizana,
opanikizana dala.
Pa khoma ndapachika kabotolo ka madzi, kophwanyika pakamwa,
kamene palibe adzakaone.
Pa chitseko ndaonjeza sekondi imodzi ndi theka.

Madzulo Twaibu waimba foni, akukalipa.
Akuti galimoto ndi yabho, chitsulo ndi chenicheni,
koma chitseko chako chikuchedwa, aise,
anthu akutiwombera tisanatuluke, konza.
Ndati ndamva, ndikonza magetsi akabwera.
Magetsi alipo.
M'chipinda amalume akupukuta nsapato za ku ntchito,
pang'onopang'ono, imodzi, kenako inzake.