Bokosi Lofiira la pa Lizulu

Linali pakhonde la positi,
lokhomedwa kukhoma ndi misomali inayi yadzimbiri,
lofiira ngati tomato wa m'mabeseni a pamsika,
pakamwa pake popyapyala, posamwetulira,
pondipitirira msinkhu ndi zikhato ziwiri.

Achemwali Esinati ankandinyamula m'khwapa.
"Nyambita kaye sitampa." Ndinkanyambita,
lilime n'kutsala ndi kakomedwe ka ulimbo,
mbalame ya pasitampa n'kutera pakona pa envulopu,
kenako kalata ija, phwa!
kugwera mumdima.
Ndinkagunditsa khutu pachitsulo chozizira
kuti ndimve ngati yanyamuka.

Ine ndinkati pansi pake pali una,
una wautali wodutsa kunsi kwa minda ya kachewere,
kunsi kwa msewu, kunsi kwa Mozambiki wa patsidya pa msewupo,
mpaka kukatulukira ku Wanki
kumene bambo ankakumba malasha.
Filimoni, mwana wa atelala, ankati bodza,
muli kamunthu kakafupi kovala yunifolomu
kamene kamadya makalata opanda sitampa.
Tinakaponyera zitsekerero za botolo, nthanga ya pichesi,
tsiku lina chiwala chamoyo,
kuti timve ngati katsokomole.

Chaka chimene makalata a bambo analeka kubwera,
ahedi ankawerengabe mayina pa asembule Lolemba lililonse,
ena n'kuthamanga kukalandira,
lathu ayi.
Mayi analeka kundifunsa ndikaweruka.
Ndinang'amba pepala lapakati pa kope la masamu,
n'kulemba ndi pensulo yotafunatafuna:
Bambo, nkhumba yaswa ana asanu.
Nsapato zija zikundithina. Bwerani.
Pamwamba ndinalemba kuti Bambo Anga, Wanki.
Envulopu panalibe, ndinamata ndi utomoni wa paini.
Sitampa ndinajambula ndekha,
mbalame ya miyendo itatu.
Ndinasanja njerwa ziwiri, n'kukwerapo,
chisanu cha Juni chikunditafuna zala.

M'mawa mwake a Kampanikiza a papositi
anandikodola ndi chala pazenera lawaya.
Mumtima ndinati lero ndikagona kupolisi.
Kalata yanga inali patebulo, pafupi ndi chidindo.
Anayang'anitsitsa mbalame yanga, osaseka,
anapisa m'thumba la jekete lawo lothothoka mabatani,
anawerenga matambala awoawo m'kabati,
n'kumata mbalame yeniyeni pambali pa yanga ija.
Chidindo: du!
"Yapita," anatero. "Thamangira kusukulu, belu lalira."

Yankho silinabwere.

Pano ndili ndi imvi, ndikudziwa bwino
kuti kalata yolembedwa Bambo Anga
singafike ndi pa Ntcheu pomwe.
Kapena inathera m'dilowa mwawo,
pakati pa mafomu a telegalamu ndi zingwe za mphira.
Komabe miyezi isanu ndi iwiri yathunthu
ndinkayenda ngati munthu amene ali ndi kalata panjira,
khosi chilili,
kuimirira basi iliyonse yotsitsa thumba lakaki lomanga pakhosi.
Masiku amenewo sindinali mwana wosiyidwa.
Ndinali mwana wodikira, basi,
ndipo anandigulira zimenezo ndi a Kampanikiza
pamtengo wa sitampa imodzi.

Dzana minibasi inaima pa Lizulu.
Kabichi, anyezi, karoti zikulowera pamawindo,
ine ndinatsika ngati ndikukagula kanthu.
Bokosi likadalipo.
Utoto unasupuka, latuwa ngati chidendene,
mavu amangamo nyumba pakamwa paja.
Pambali pake mtsikana wa pansi pa ambulera
akutumizira anthu ndalama pafoni,
zikufika munthu asanaphethire.

Tsopano likundilekeza pachifuwa.
Ndinawerama, ogulitsa mbatata akundiyang'ana,
n'kugunditsa khutu pachitsulo.
Kuzizira kwake n'komwe kuja.
M'katimo munkangolira mavu,
koma ndinakhalitsa chiweramire
mpaka kondakitala anamenya chitseko n'kukuwa:
"Bambo, bwerani, tikupita!"