Shopu Yopanda Lendi

Malume anga a Makwinja amawotcherera zitsulo ku Ndirande,
pansi pa malata anayi
omwe mwini malo amawakwezera mtengo Januwale aliyense.
Ndinati, malume, ndikumangirani shopu ina, yopanda lendi.
Anakankhira magalasi akuda aja pamphumi.
"Iwe, chaulere m'tauni muno ndi fumbi lokha."

Ndinadikira bandulo ya usiku.
Laputopu yanga inathyoka khosi kalekale,
imakhala chotsamira botolo la mafuta ophikira.
Ndinatsegula nkhokwe ya makodi,
nkhokwe yopanda loko,
yomwe aliyense wodutsa angasuzumiremo.
Ndinalongamo mageti asanu ndi awiri, mbaula,
zitsulo za pazenera zopindidwa ngati nyanga za mbuzi,
nambala ya foni, dzina lawo m'zilembo zonenepa.
Ndinakankha.

404.

Ndinakankhanso. Agalu a kwa aneba anatopa kuuwa.
404, ngati nambala ya minibasi
yomwe yakudutsa uli chiimire pa Ginnery Corner.
Magetsi anazima cha m'ma thu koloko,
batire itatsala pang'ono ngati sopo wa pa mwezi ukatha.
M'mdimamo ndipo ndinachiona:
chilembo chimodzi chachikulu
pamene pankafunika chaching'ono.
Chimodzi basi!
Ndinachifupikitsa, ndinakankha, ndinagwira mpweya.
Kadontho kachikasu kanazungulira, kanazungulira,
kenaka kobiriwira.

M'mawa ndinawapeza akudula paipi.
Anapukuta manja pa ovolosi asanagwire foni.
Chala chawo chodzaza zipsera
chinkatsetsereka pagalasi mwaulemu,
ngati chikusisita mwana wa eni.
"Ndiye ili kuti kwenikweni?"
Ndinaloza kumwamba, ndinachita manyazi, ndinatsitsa dzanja.
"Nanga usiku amatseka ndani?"
Satseka, malume.
"Akhonsolo sabwera ndi malisiti?"
Sabwera.

Anakhala chete nthawi yaitali.
Kenaka anakulitsa chithunzi chachitatu ndi zala ziwiri
mpaka mfundo ya pakona inadzaza foni yonse.
"Chotsa ili.
Geti ili ndinawotcherera ndili ndi malungo.
Anthu a ku Chigumula asaone zimenezi."

Ndinalichotsa pomwepo, iwo akuyang'ana,
nthethe zikuthothoka pa benchi la mnzawo.
Anagwedeza mutu, natsitsa magalasi.

Sindinawauze kuti nkhokwe ija siiwala,
kuti pansi pake, pa mzere wa Lachinayi usiku,
geti la malungo likadali chiimire,
lokhota pang'ono kumanzere,
ndipo ine ndimalikonda kuposa onse.